Mumthunzi Mwanu

A Okimoto anali ndi mbiri ya mwano mu Ujina monse, dera lathu la padoko mumzinda wa Hiroshima, ndipo mwano wawo unali wa mawu amodzi amene sankawanena. Munthu akakufunsa kuti uli bwanji, umawerama pang'ono n'kuyankha kuti okagesama, mumthunzi mwanu, ngakhale wofunsayo akhale wokhometsa msonkho amene sanakutchingirepo dzuwa chibadwire. Mawuwo salemera, n'chifukwa chake aliyense amayenda nawo. A Okimoto ukawafunsa ankangoti, "Ndilipo," n'kukuyang'ana ngati wachititsa ndiwe.

Ine ndinawadziwa nditapuma ntchito yogulitsa matikiti a sitima zapamadzi padoko. Zaka zanga zinali zitadutsa makumi asanu, mwamuna wanga anali atasamukira kwa mayi wina amene ankaseka nthabwala zake, ndipo mwana wanga ankaimba foni kuchokera ku Osaka kundiuza kuti ndipeze chochita. Ndinapeza Bungwe la Osunga Mawu. Anthu amene anaona bomba la Hiroshima ndi maso awo anali akutha, ndiye bungwelo linkapatsa aliyense wa iwo munthu wocheperapo msinkhu kuti aphunzire nkhani yake, n'kumadzainena kwa ana a sukulu ndi alendo mwiniwake akadzapita. Lamulo linali lakuti suwonjezera, suchotsa, ndipo chimene mwini nkhani wakana kuchotsa, ngakhale komiti singachikhudze.

Tinkakumana pamwamba pa shopu yochapa zovala, moti za mtendere wa dziko lonse tinkazikambirana pansi pakunjenjemera ndi makina, fungo la malaya otentha likukwera pamasitepe. Wapampando anali a Kanemitsu, mphunzitsi wamkulu wopuma, amene anapitako ku Geneva kamodzi kumsonkhano ndipo kunena zoona sanabwereko. Tonse tinkawaitana kuti Aphunzitsi. Anabadwa nkhondo itatha, chinthu chimene ankachiona ngati kusalongosoka kwa makolo awo.

"Mayi Tasaka," anatero tsiku logawa anthu, "inu tikupatsani a Okimoto. Awiri awalephera kale. Koma inu mwakhala pawindo la matikiti, mwano si wachilendo kwa inu."

"Wa ineyo kapena wa ogula, Aphunzitsi?"

Anaseka mochedwa, monga amachitira anthu amene anazolowera kuti nthabwala zimachokera kwa iwo. Kenako anatsitsa mawu n'kundiuza kuti madokotala apeza chinthu m'mapapo mwa mkuluyo, ndiye ndisachite chidodo.

Nyumba ya a Okimoto inali kuseri kwa doko, kanyumba kamatabwa kopanikizika pakati pa nyumba ziwiri zosanja. Moyo wawo wonse anaweta nkhono za m'nyanja, ndipo manja awo anali atafanana nazo. Ndinawapeza akumvera mpira pawailesi, timu yathu ikuluza monga mwa nthawi zonse. Pakaguwa ka makolo pakona panali chithunzi cha malemu mkazi wawo ndi makapu awiri a madzi opanda chithunzi kumbuyo kwake.

"Muli bwanji, agogo?"

"Ndilipo. Ndiwe wamatikiti uja? Unandibweza ine tsiku lina, ati sitima yadzaza."

"Inali itadzaza."

"Malo analipo. Khala pansi. Osati pamenepo, pamenepo m'pa mphaka."

Mphakayo, ndinamva pambuyo pake, anali atafa kalekale.

Nkhani yawo sanainene tsiku limodzi. Inkatuluka pang'onopang'ono, pakati pa mpira ndi tiyi wozizira wa balele, kuyambira nthawi ya mvula mpaka nyenje zitasiya kulira. Ndikamalemba ankati ndisiye kulemba ndimvetsere. Ndikasiya ankati, "Ndiye uzikumbukira ndi chiyani, mutu wamatikitiwo?"

Ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi anali pachilumba china kutsidya kwa doko lathu, kumene asilikali ankaphunzitsa anyamata kuyendetsa timaboti ta matabwa opyapyala, mabomba atawamangirira kumbuyo. Adani akadzafika kuti atsike pagombe, anyamatawo anayenera kukawomba sitima zawo.

"Ankatiuza kuti ukafika pafupi, ugwetse mabomba, utembenuke, uthawe," anatero. "Koma kaboti kameneko ukakaona, umadziwa kuti zotembenukazo anangoikapo kuti nkhani ikome. Anatiwenga zikhadabo, anatidula tsitsi, n'kuika mu envelopu kuti makolo adzapeze choika m'manda. Maliro anga anali okonzeka, wamatikiti. Wochedwa ndinali ine."

Kwawo kunali pakati pa mzinda, pafupi ndi mtsinje. Bambo awo anali atafera kunkhondo kale. Kunyumba kunatsala amayi awo ndi mlongo wawo Kinu, wa zaka khumi ndi zitatu. Envelopu ija anawalola kukaisiya okha.

"Kinu anaitsegula, mwana wosamva uja. Anasuzumira, n'kunena kuti, 'Achimwene muli ndi mwayi. Ine zanga ndimaluma, akanatumiza chiyani?' Amayi anamumenya ndi chokupizira mphepo. Ine ndinaseka, nane anandimenya. Ndi tsiku lomaliza kuwaona, ndipo ndinachoka khutu likuwawa."

Za m'mawa wa bomba sankakonda kutalikitsa.

"Tinali pagombe tikupaka maboti utoto. Kunawala. Zakuwalazo aliyense ananena kale, ndipo amene anakuona bwino sananene kanthu. Pitirira."

Masana omwewo anyamatawo anawatumiza mumzinda, kukwera mitsinje ndi maboti, kukatola ovulala. Kenako kutola akufa. Kenako kuwawotcha. Analamulidwa kuti asapatse munthu madzi, ati wopsa akamwa amafa.

"Ankafa ndithu. Koma ankafa ndi ludzu, motsatira lamulo."

Pamene panali nyumba yawo anapezapo mphika ndi matailosi a denga. Amayi awo anali momwemo penapake. Kinu m'mawa umenewo anali atapita ndi kalasi yake kukagwetsa nyumba pakati pa mzinda, kuti moto ukadzabuka usadzapeze podutsa. A kalasi imeneyo sanapezeke ngakhale mmodzi.

"Ndiye chimene chinapsa m'nyumba muja ndi amayi, ndi ine pang'ono, wa mu envelopu uja. Kinu sanasiye ngakhale chikhadabo. Ananeneratu."

Patapita sabata ndi masiku, anawasonkhanitsa pachilumba paja kuti amvere wailesi. Nkhondo yatha.

"Anzanga analira, ena ankafuna kudzipha. Ine ndinazemba, ndinapita kuseri kwa shedi ya maboti. Ndiye ndinaseka. Malaya akununkha utsi wa anthu, ine ndikuseka ngati chitsiru. Madzulo ake ndinadya mpunga mbale ziwiri. Unali wokoma. Lemba zimenezo, unali wokoma."

Ndinalemba.

Wosunga mawu amanena nkhani ngati yake, amati ine. Ndiye masana ambiri ndinkaima pakati pa kachipinda kaja, mayi wonenepa wa mawondo owawa, n'kumati ine ndinali mnyamata wa zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi. A Okimoto ankamvetsera atatsinzina. Mawu anga akangoyamba kunjenjemera ankamenya tebulo.

"Ukulira chiyani? Unaliko? Woyamba uja anandipatsa ankalira kuyambira pa moni. Wachiwiri sankalira, koma ankakonza. Ine ndikuti mpunga unali wokoma, iye akuti ndinadya misozi ikugwera m'mbale. Nena ngati ukulengeza sitima ya ku Matsuyama. Nthawi yakuti, pageti lakuti, basi."

Imeneyo ndiye ndinkaitha.

Tsiku lina, masamba atayamba kufiira, anazimitsa wailesi mpira uli mkati, chinthu chimene anali asanachitepo.

"Tsono pomaliza uzinena chonchi. Ukachoka pa mpunga, uziti: ine Okimoto Tadanori ndili moyo mumthunzi mwa bomba lija."

Mumzinda muno mthunzi si mawu oseweretsa. Ana a sukulu amachita kubwera pa basi kudzaona mthunzi wa munthu umene unatsala pamwala bomba litawala, mwiniwake atachoka. Ndinayang'ana malo a mphaka.

"Anthu amati ndine wamwano," anatero. "Wa positi akufuna ndimuuze kuti ndili mumthunzi mwake. Dokotala naye. Malemu mkazi wanga anadandaula mpaka anatopa. Koma munthu amakhala mumthunzi umodzi, ndipo wanga ndikuudziwa. Mawu amenewo ndawasunga moyo wonse osawagwiritsa ntchito, akadali atsopano. Zina zonsezo akhoza kunena aliyense amene analiko. Awa okha ndiwo anga. Ndikufuna atsale."

"Mukutanthauza kuti anachita bwino kuliponya?"

"Ndanena zimenezo?"

"Ayi."

"Ndiye usandiikire mawu m'kamwa, mwadzaza kale ndi mano ogula."

Kusanayambe kuzizira ndinakainena nkhaniyo pamaso pa komiti. A Okimoto anakwera masitepe aja akutukwana sitepe iliyonse payokha. Ndinanena zonse ngati ndikulengeza sitima. Pa envelopu amayi awiri a m'komiti anatulutsa timipango. Nditafika pa mawu omaliza, m'chipindamo munangotsala phokoso la makina a pansi.

Aphunzitsi anavula magalasi, anawapukuta, anawavalanso. Ankatero akafuna tidziwe kuti mbiri ya dziko ikudutsa m'mutu mwawo.

"Nkhani yamphamvu kwambiri," anatero. "Koma chiganizo chomalizacho, a Okimoto, chili ndi kavuto."

"Kavuto kanji, a Geneva?"

"Mzinda uno uli ndi uthenga umodzi ku dziko lonse, ndipo taumanga movutikira. Kunja kuno kuli anthu amene amati bomba lija linafupikitsa nkhondo, ati linapulumutsa ambiri kuposa amene linapha. Amachotsera, amaphatikiza, yankho likatuluka amakagona. Ndiye ife tomwe, ndi pakamwa pathu, tiwapatse umboni?"

"Ine si umboni. Ndine woweta nkhono."

"Komanso akatswiri ambiri a mbiri, ena ndinadya nawo tebulo limodzi, amati nkhondo inali itatha kale, boma linkangofuna pogonjera. Ena amati chinathetsa zonse n'kulowerera kwa asilikali a ku Rasha. Mwina inu mukanakhala moyo ngakhale popanda bomba."

A Okimoto anagwedeza mutu ngati akuvomereza.

"Chabwino. Ndiye Kinu anafera chabe."

"Sindinatero."

"Mwatero. Zilipo ziwiri, Aphunzitsi. Kapena bomba lija ndi limene linanditsitsa m'kaboti, ndiye kuti mpunga wonse ndadya zaka zonsezi ndadyera pamutu pa mlongo wanga. Kapena silinathetse kanthu, ndiye kuti mwana uja anapsa kuti anthu ena aone ngati chinthu chawo chikugwira ntchito. Sankhani choti tiwauze ana a sukulu. Ine ndinasankha choyambacho, chifukwa chili ndi munthu woti ndizimuyang'ana pagalasi ndikamameta ndevu. Chinacho sindingachinyamule."

Mayi wina wa m'komiti anafunsa ngati tingayambe tamwa tiyi.

Titamwa, Aphunzitsi anabwera ndi maganizo. Bwanji tinene kuti ndili moyo ngakhale kunagwa bomba? A Okimoto anati amenewo ndi mawu a pa kalendala. Nanga kuti ndinapulumuka mwa mwayi? A Okimoto anati mwayi ndi wa anthu otchova juga. Aphunzitsi anatembenuka kuyang'ana khoma. Lamulo lija loti komiti singachotse chimene mwini nkhani wakana linali pomwepo m'felemu, ndipo analilemba okha, ndi dzanja lokongola kwambiri.

"Tiyese kaye pa anthu ochepa," anatero pomaliza. "Sabata yamawa kukubwera alendo a ku Amereka, a mpingo wina wokonda mtendere. Anthu ofatsa. Ndidzamasulira ndekha, liwu ndi liwu, musade nkhawa. Ku Geneva..."

"Tinamva," anatero a Okimoto.

Anthu akutsika, Aphunzitsi anandiimitsa pakhomo.

"Mayi Tasaka, munthu akamalankhula pagulu amatha kuiwala chiganizo. Zimachitika. Palibe angakudzudzuleni."

"Mwiniwake adzakhala pompo, Aphunzitsi."

"Sadzakhalapo nthawi zonse." Anazindikira mmene zamvekera, n'kuyamba kukonza tayi. "Sindikuwatsutsa kuti akunama. Ndikungoti mawu akatuluka pakhomo savala zimene mwini wake anawaveka."

Choipa cha Aphunzitsi chinali chakuti nthawi zina ankanena zoona, ndipo ankazinena ndi mawu omwewo amene ankanenera zinazo, moti sunkadziwa kuti ino ndi nthawi yomvera.

Alendo anafika masana, dzuwa likulowa bwino pawindo. Ambiri anali amayi a imvi, atanyamula mbalame zamapepala zimene anapinda kwawo. Kumbuyo kunakhala bambo mmodzi wamkulu thupi, a Dale Wickham, amene anangotsatira mkazi wawo ndipo anapinda manja ngati munthu amene amukokera kusitolo ya makatani. A Okimoto anakhala pampando pambali panga atavala jekete la maliro a mkazi wawo. Aphunzitsi anavala baji ya ku Geneva.

Ndinayamba. Ndinkanena chiganizo, Aphunzitsi n'kuchiwolotsa. Ankamasulira bwino, ndisawanamizire, ngakhale ziganizo zanga zowonda zinkafika kutsidyako zitanenepa. Pa maboti bambo wa kumbuyo uja anamasula manja. Pa Kinu amayi analira. Pa mpunga panalibe anatsokomola.

Ndinanena mawu omaliza monga anandiphunzitsira, osakweza, osatsitsa.

Aphunzitsi anatsegula pakamwa, n'kuima. Ndinawaona akufunafuna. Chingerezi chilibe mthunzi wa mtundu umenewo, wawo ndi wa pansi pa mtengo basi. Koma m'mabuku onse otanthauzira mawu, pa liwu lathuli analembapo chinthu chimodzi, ndipo Aphunzitsi sanayambe atsutsanapo ndi buku. Chingerezi changa n'cha pawindo la matikiti, cha kupita kokha kapena kupita ndi kubwera, koma liwu loti zikomo ndimalidziwa. Ndinalimva likutuluka, bomba likutsatira pambuyo pake.

Mayi wina wa kutsogolo anagwira pakamwa. Wina anatola chikwama ndi mbalame zake n'kutuluka, akuwayang'ana a Okimoto ngati amubera. Koma a Wickham anaimirira mpaka mpando unagwa. Anadutsa pakati pa anzawo misozi ili chuchuchu, anagwada pamaso pa a Okimoto, n'kugwira manja a nkhono aja ndi manja awo onse awiri. Analankhula nthawi yaitali.

"Chikuti chiyani chimphonachi?" anafunsa a Okimoto.

Aphunzitsi nkhope inali itatuwa. Koma anali atalonjeza liwu ndi liwu.

"Akuti bambo awo anali pa sitima ya nkhondo, imodzi mwa zimene zinkadikira kudzatsika kuno. Akuti bomba likanapanda kugwa iwo sakanabadwa. Akuti moyo wawo wonse akhala akunena kuti linapulumutsa anthu mbali zonse ziwiri, ndipo ana awo omwe amawatcha munthu wouma mtima. Akuti kuno anabwera akuopa kuti tiwatukwana. Akuti..." Aphunzitsi anatsitsa mawu. "Akuti lero amva kuchokera kwa mwiniwake, ndipo akagona tulo."

"Mufunseni ngati wamva za Kinu."

Anafunsa. A Wickham anagwedeza mutu mwamphamvu, akupukuta mphuno ndi kumbuyo kwa dzanja.

"Akuti amva, ndipo zawapweteka kwambiri. Akuti mwanayo sanafere chabe."

"Muuzeni kuti bambo akewo ndikanawapha ine. Ndinali nditaphunzira bwino. Ndikanalowa m'nthiti mwa sitima yawo, tonse n'kukhala ndiwo za nsomba."

Anawauza. A Wickham anaseka akulira, n'kuwakumbatira a Okimoto mpaka mkuluyo anayamba kutsokomola.

"Akuti n'chimene akunena chomwecho. Akuti inu ndi iwo ndinu pachibale, ana a tsiku limodzi."

A Wickham sanali munthu woipa. Zikanapepuka akanakhala woipa. Anatulutsa foni n'kupempha mwaulemu kuti ndibwereze chiganizo chija, Aphunzitsi abwereze kumasulira, kuti akaonetse ana awo. Ndinayang'ana a Okimoto. Iwo ankayang'ana manja awo, ngati akuona ngati zala zabwerera zonse. Aphunzitsi ndi amene anati nthawi yatha, alendo akudikiridwa kwina. Sindinawamvepo akutseka msonkhano mwachidule chotero.

A Okimoto anatsika masitepe osatukwana ngakhale imodzi. Tinakhala pabenchi panja pa shopu, tikudikira sitima ya mumsewu. Posakhalitsa Aphunzitsi anatsika, baji atachotsa, anaima patsogolo pathu n'kuwerama mpaka tinaona pakati pa dazi.

"Ndalakwitsa kumasulira. Pepani kwambiri."

"Simunalakwitse, a Kanemitsu," anatero a Okimoto. "Ndi mmene amamvekera akatuluka panja. Munandiuza."

Aphunzitsi anadikira kuti mwina kubwera chitonzo. Sichinabwere. Anawerama kachiwiri n'kubwerera m'mwamba, akuoneka ngati munthu amene wapambana mlandu wolanda nyumba yakugwa.

"Wamatikiti."

"Agogo."

"Chotsa."

"Tikhoza kumafotokozera. Ndiziyamba ndanena kuti mthunzi si zikomo, kuti munthu akhoza kukhala pansi pa chinthu osachiyamika, kuti..."

"A komiti aja Chijapani amachidziwa. Anamva chiyani? Wina akumva kuti ndagulitsa mzinda, wina akumva kuti ndamukhululukira. Aliyense wabwera ndi thumba lake, akungofuna choikamo. Ine ndili pompo, ndikupuma, ndavala jekete, ndalephera kuwalondera mawu anga. Nanga ndikadzapita adzawalondera ndani? Iwe? Iwe unalephera kundipezera malo pa sitima yopanda anthu."

"Inali itadzaza."

"Chotsa."

"Ndiye Kinu?"

"Kinu akhale mmene alili. Wamva wekha, ati sanafere chabe. Mpaka amupezera ntchito."

"Nanga ndizimalizira pati?"

"A Geneva ali nawo mawu omalizira ambiri. Akubwereke amodzi."

Sitima inafika. Anakana kuti ndiwaperekeze.

Sabata yotsatira ndinapita kunyumba kwawo monga mwa masiku onse. Mpira unali utatha chaka chimenecho, wailesi inali chete. Ndinatsegula chitseko n'kuyamba kuvula nsapato.

"Muli bwanji, agogo?"

Anawerama pang'ono, mwaulemu, monga amachitira aliyense.

"Mumthunzi mwanu," anatero.

Ndinaima pakhomo nsapato imodzi ili m'manja. Anandilozera pokhala, pamalo a mphaka.

Kuyambira tsiku limenelo ankawapatsa aliyense. Wa positi, wogulitsa nsomba, dokotala, anamwino a kuchipatala kumene anakagonekedwa nkhono zitayamba kukololedwa. Wina akangofunsa, iwo awerama, mumthunzi mwanu, ngati munthu amene akugawa katundu asanasamuke. Anamwalira chisanu chisanathe. Pamaliro anthu a mu Ujina ankauzana kuti mkuluyo anafewa pomaliza, ukalamba unamuphunzitsa ulemu. Wa positi analira kwambiri. Aphunzitsi analankhula, ndipo Geneva anaitchula kamodzi kokha.

Titawotcha thupi mafupa anatsala ambiri, tinatola ndi timitengo mpaka mtsuko unadzaza. M'nyumba ya pafupi ndi mtsinje ija, ndi iwo okha anasiya choika m'manda, ndipo anasiya kawiri.

Nkhaniyo ndimainenabe, komiti inavomereza. Ndimaima pamaso pa ana n'kunena kuti ine ndinali mnyamata. Ndimanena za maboti, za envelopu, za madzi. Ndimafika pa mpunga, ndimati unali wokoma, kenako ndimanena chiganizo chimene Aphunzitsi anandibwereka, chakuti zoterezi zisadzachitikirenso munthu wina aliyense padziko lapansi. N'chiganizo chabwino. Palibe amene anatulukapo chifukwa cha icho, palibe amene anagwadapo. Ana amachilemba m'makope, aphunzitsi awo amasuzumira pa wotchi, basi imadikira panja injini ikulira.

Pakati pa mpunga ndi chiganizocho ndimakhala chete pang'ono. Komiti yandipempha kuti kacheteko ndikafupikitse, ati alendo amaganiza kuti ndaiwala.